Malemu anapita ndi pasiwedi: kutsegula foni, kompyuta ndi mafayilo amene anasiya

Foni ya bambo anga inakhala patebulo masiku anayi iwo atatisiya, ikungolira ndi mauthenga a anthu amene anali asanamve. Tsiku lachisanu mng'ono wanga, pofuna kuthandiza, anayamba kuyesa PIN: chaka chimene bambo anabadwa, chaka cha ukwati wawo, 1234. Foni itayamba kumudikiritsa, anapita nayo kwa wokonza mafoni wina, ndipo iyeyo anachita chimene ankadziwa: anaifulasha. Inabwera ili mbee, yopanda chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo pamwamba pa izo ikufunsa pasiwedi ya Google ya bambo omwewo isanalole chilichonse.

Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikuthandiza anthu ena pa vuto lomweli, ndipo ndaona kuti zambiri zimene malemu amasiya zimawonongeka m'sabata yoyamba, m'manja mwa achibale a mtima wabwino. Choncho ndiyamba ndi zimene simuyenera kuchita, kenako tilowe m'zitseko chimodzichimodzi.

Sabata yoyamba: sungani chimene chidakali chotsegula

Foni ikhale pa chaja ndipo musaizimitse. Foni ikazima n'kuyakanso, chidindo cha chala ndi nkhope zimasiya kugwira ntchito mpaka wina atalemba PIN. Zimenezi n'zofunika ngati chala cha mkazi, mwamuna kapena mwana wa malemu chinalembetsedwa pa foniyo. Mwayi umenewu ndi wa maola ochepa chabe. iPhone imafuna PIN ikatha maola 48 osatsegulidwa, ndipo mafoni ambiri a Android amaifuna pakatha maola 72. Ngati chala chanu chikutsegula, musanene kuti tidzaona mawa. Tsegulani lero, sinthani nthawi yozimira sikirini kuti isamadzitseke msanga, lumikizani foniyo ku kompyuta, mukopere zithunzi, mavidiyo ndi zikalata zonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa Android musaiwale foda ya WhatsApp, imene imapezeka mu Android/media/com.whatsapp. Mmenemo muli foda ya WhatsApp Voice Notes, ndipo ndi mmene muli mawu a munthuyo akulankhula, akuseka, akukalipa. Anthu amathamangira zithunzi, koma pakapita chaka chimene amachilakalaka kwambiri ndi mawu.

Chimodzimodzi laputopu imene munthu anaisiya yongopinda osaizimitsa, kapena tabuleti imene ana amaseweretsa. Nthawi zambiri imelo ndi Facebook za malemu zimakhala zidakali zotsegula mmenemo. Musadine Log out paliponse, ndipo musafufute mbiri ya Chrome.

Lekani kuyesa PIN mwachisawawa. Mukalakwitsa kangapo foni imakudikiritsani, nthawi yodikirayo n'kumatalika. Pa iPhone, ngati mwini wake anayatsa Erase Data, kulakwitsa kakhumi kumafufuta zonse. Mafoni ena a Android ali ndi zofanana ndi zimenezi. Tengani pepala, lembani manambala amene mukuwaganizira, muwasanje kuyambira amene mukuwakhulupirira kwambiri, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye aziyesa, akulemba amene wayesa kale.

Musafulumirenso kuuza makampani kuti munthuyu wamwalira. Facebook ikasandutsa akaunti kukhala yachikumbutso, palibe amene angalowemonso, ngakhale atakhala ndi pasiwedi. Google imanena poyera kuti mukapempha kuti akaunti itsekedwe, simungadzabwerenso kudzapempha zimene zinali mkati. Kutseka kumabwera pomaliza.

Ndani ayenera kutsegula

Funso limeneli limazembedwa, koma ndi limene limadanitsa anthu pambuyo pake. Foni ndi kompyuta ndi mbali ya chuma cha masiye, ndipo m'mayiko ambiri amene ali ndi mphamvu pa chumacho ndi munthu amene anatchulidwa mu wilu kapena amene khoti lamupatsa kalata yoyendetsera chumacho. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo makampani ambiri m'malamulo awo salola kuti munthu alowe mu akaunti ya mnzake. Kukopera zithunzi za banja mu foni yotsegula ndi nkhani ina, koma kugwiritsa ntchito PIN ya malemu potapa ndalama ku banki kapena pa foni ndi nkhani imene ingakufikitseni kukhoti, ngakhale mutakhala mwana wawo woyamba. Za ndalama zidutse ku banki komweko ndi zikalata zake. Ngati kompyuta ndi ya kuntchito, ibwezeni, mupemphe a kuntchitoko kuti akupatulireni za banja. Makiyi ake ali ndi iwowo.

Palinso china chimene lamulo silingakuthandizeni. Mu foni ya munthu muli zinthu zimene sanafune kuti inu muone. Gwirizanani pabanja kuti mukufuna chiyani, kaya ndi zithunzi, mapepala a nyumba kapena mndandanda wa amene anali nawo ngongole, musankhe munthu wosunga pakamwa, atenge zimenezo basi. Ine mauthenga a bambo sindinawawerenge, ndipo sindinong'oneza bondo.

Simu khadi ndi imelo

Pafupifupi akaunti iliyonse, mukadina kuti mwaiwala pasiwedi, imatumiza nambala yotsimikizira ku foni kapena ku imelo. Ndiye kuti amene ali ndi simu khadi ndi imelo yaikulu ya malemu ali ndi kiyi wa nyumba yonse. Vuto ndi lakuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani ya mafoni imaitseka n'kuipereka kwa munthu wina, ndipo manambala otsimikizira aja amayamba kupita kwa mlendo. Muziikamo mayunitsi, muziimbira nayo mwa apo ndi apo, kufikira mutamaliza zonse.

Ngati foni yakanika, simu mungathe kuichotsa n'kuiika mu foni ina kuti muzilandira mauthenga. Ikafunsa PIN yake, samalani: kulakwitsa katatu imafuna nambala ina yotchedwa PUK, ndipo kulakwitsa PUK kakhumi simuyo yafa. PUK imalembedwa pa kakhadi kapulasitiki kamene simu inabwera nako, kamene anthu ambiri amakaponya mu diloo n'kuiwala. Mafoni atsopano ena ali ndi eSIM yosachotseka. Pamenepo mufunika kulankhula ndi kampani ya mafoni.

Apa pali msampha umene wagwira ambiri. Munthu akangoika simu mu foni yake, amalembetsa WhatsApp ya malemu poganiza kuti mauthenga abwera okha. Sabwera. WhatsApp siisunga mauthenga amene anafika kale. Amakhala mu foni momwemo ndi mu backup, kope yosungidwa pa Google Drive kapena iCloud. Kulembetsa nambalayo pa foni ina kumatulutsa foni yakale ija, ndipo kuti backup ibwerere pamafunika nambala yomweyo ndi akaunti ya Google kapena ya Apple yomweyo. Choncho yambani mwapeza imelo, WhatsApp ibwere pambuyo. Musachedwenso mopitirira, chifukwa akaunti ya WhatsApp imene yatha masiku 120 osalumikizidwa ku intaneti kawirikawiri imafufutidwa. Ngati malemu anaikapo PIN ya manambala 6, pamafunika kudikira masiku 7 musanapitirire popanda PIN-yo. Ngati backup anaikhoma ndi pasiwedi yakeyake kapena ndi kiyi wa zilembo 64, ngakhale a WhatsApp sangaitsegule.

Poyesa kubweza imelo ya Gmail, chitani zimenezo pa kompyuta kapena foni imene malemu ankagwiritsa ntchito, komanso pa intaneti ya kunyumba imene ankalumikizirako. Google imakhulupirira kwambiri chipangizo ndi malo amene inazolowera. Mukalowa, pitani ku Google Takeout mutsitse zonse nthawi imodzi: imelo, Drive, Photos, manambala a anthu. Ife zithunzi za bambo zimene tinkalira zija, zambiri tinazipeza mu Google Photos, chifukwa foni inkazitumiza yokha iwo osadziwa n'komwe. Onaninso passwords.google.com, kumene Chrome imasunga mapasiwedi a masamba ena onse.

Kumene anthu amabisa pasiwedi

Musanafune katswiri, fufuzani m'nyumba. Anthu ambiri, makamaka achikulire, amalemba. Onani tsamba lomaliza la dayale, mkati mwa chikuto cha buku limene ankaliwerenga kawirikawiri, kapepala komata pansi pa kiyibodi, bokosi limene foni inabweramo, chikwama cha m'thumba. Ena amasunga PIN ngati nambala ya munthu wongopeka pa mndandanda wa mafoni. Funsaninso amene anawatsegulira akauntiyo, poti kawirikawiri amakhala mdzukulu kapena mnzawo wa kuntchito, ndipo pasiwedi imene anaika tsiku limenelo sinasinthidwepo.

Mukapeza imodzi, ngakhale ya akaunti yopanda ntchito, isungeni. Imakuonetsani mmene munthuyo ankaganizira. Ya bambo anga tinaipeza kuseri kwa lisiti: dzina la galu amene tinali naye tili ana, chilembo choyamba chachikulu, kenako chaka. Ena onse anali a mtundu womwewo, chaka chokha n'chimene chinkasintha.

Ngati malemu ankagwiritsa ntchito pulogalamu yosungira mapasiwedi, monga Bitwarden, LastPass kapena 1Password, kampaniyo siidziwa pasiwedi yaikulu ndipo singakupatseni. Bitwarden ndi LastPass zili ndi njira yoti munthu asankhiretu wachibale wodzalowa pa nthawi ya mavuto, ndipo 1Password imapereka pepala lotchedwa Emergency Kit loti munthu asindikize. Lifufuzeni pamene pali wilu ndi mapepala ena ofunika.

Foni imene yakaniratu

Apa ndinene mosabisa. Mafoni a masiku ano amasokoneza zonse zili mkati mwake mwa njira yotchedwa encryption, ndipo kiyi wozibwezeretsa ndi PIN yomweyo. Apple singatsegule iPhone yokhoma, ngakhale mutabwera ndi chigamulo cha khoti. Chimene ingachite ndi kuchotsa Activation Lock, loko amene amamangiriza foni ku akaunti ya Apple ya mwini wake, kuti foniyo, itafufutidwa, igwiritsidwenso ntchito. Munthu akakuuzani kuti atsegula, mufunseni funso limodzi: kodi zithunzi zikhalamo? Akayamba kuzungulira, tengani foni yanu. Amene amalonjeza pa intaneti kuti atsegula iCloud mukawatumizira ndalama, ambiri ndi akuba.

Zimene zingapulumuke ndi ziwiri. Choyamba ndi memori khadi: ichotseni, muiike mu kompyuta. Nthawi zambiri imawerengeka bwinobwino, pokhapokha ngati mwini wake anaikhoma kapena anaisandutsa mbali ya memori ya mkati mwa foni. Chachiwiri ndi zimene foni inkatumiza yokha ku Google, iCloud, Samsung Cloud kapena OneDrive. Foniyo isungeni osaifufuta. PIN ikhoza kudzatulukira m'kabuku kena chaka chamawa.

Kompyuta

Kompyuta ili ndi chiyembekezo chochuluka kuposa foni, bola mudziwe kuti loko wake ndi wa mtundu wanji. Pasiwedi yolowera mu Windows, payokha, ili ngati loko wa pakhomo la nyumba imene mawindo ake ndi otsegula. Ngati disiki ilibe encryption, munthu wodziwa angathe kuyatsa kompyutayo ndi Linux (pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta) ya pa fulashi, kapena kuchotsa disikiyo n'kuilumikiza ku kompyuta ina, ndipo mafayilo onse amaoneka mu foda ya Users. Ntchito imeneyi siifuna pasiwedi ndipo siisintha kalikonse.

Chimene akatswiri ambiri amathamangira ndi kuchotsa pasiwedi ya Windows mokakamiza. Auzeni adikire. Mapasiwedi amene Chrome kapena Edge inasunga pa kompyutayo amakhomedwa ndi pasiwedi yakale ija, ndipo mukaichotsa mokakamiza sawerengekanso. Mafayilo amene malemu anawakhoma ndi njira ya Windows yotchedwa EFS nawonso amatayika chimodzimodzi. Ndondomeko yabwino ndi iyi: choyamba akopere disiki yonse mmene ilili pa disiki ina, ndipo zoyesayesa zonse zichitikire pa kopeyo. Onaninso kachikumbutso kamene Windows imaonetsa pansi mukalakwitsa pasiwedi. Anthu ena amalembapo pasiwedi yeniyeniyo.

Mukaona sikirini ya buluu ikufunsa BitLocker recovery key, ndiye kuti disiki ndi yokhoma kwenikweni, ndipo kuichotsa sikuthandiza. Kiyi ameneyu ndi wa manambala 48. Makompyuta ambiri atsopano a Windows 11 amayatsa okha loko ameneyu, mwini wake osadziwa, n'kusunga kiyiyo mu akaunti yake ya Microsoft. Mukatha kulowa mu akauntiyo, kudzera pa simu kapena imelo ija, kiyi mumupeza pa account.microsoft.com, pa gawo la zipangizo. Ena anamusindikiza papepala kapena kumusunga pa fulashi ngati kafayilo kamene dzina lake limayamba ndi mawu oti BitLocker Recovery Key. Popanda kiyi ameneyu, Microsoft nayonso ilibe wina.

Pa Mac loko wofanana naye ndi FileVault, ndipo amatsegulidwa ndi pasiwedi ya mwini, ndi kiyi wa zilembo 24, kapena kudzera mu akaunti ya Apple ngati anasankha choncho poyamba. Ma Mac atsopano disiki yake ndi yomatirira ndipo siichotseka. Funani disiki ya Time Machine, pulogalamu ya Mac yosungira backup, kapena disiki ina iliyonse yakunja. Ambiri amakhoma kompyuta mwamphamvu koma backup n'kuisiya poyera.

Fayilo imodzi yokhoma: Word, Excel, PDF, ZIP

Apa pali ubwino umodzi waukulu: fayilo siikuwerengerani kuti mwalakwitsa kangati. Ikopereni, muyese mmene mungathere.

Yambani mwaona ngati fayiloyo ikutseguka. Excel kapena Word imene ikutseguka koma ikukana kusinthidwa ilibe encryption. Zimene mukufuna mukuziona kale, zikopereni mu fayilo yatsopano. PDF ili ndi mapasiwedi a mitundu iwiri, yotsegulira ndi yoletsa kusindikiza kapena kukopera, ndipo yachiwiriyi ndi yofooka. Ma PDF ochokera ku banki kapena ku inshuwalansi nthawi zambiri amakhomedwa ndi tsiku lobadwa kapena manambala ena a akaunti, ndipo imelo imene inabwera nawo imafotokoza kalembedwe kake.

Ikafunsa pasiwedi isanatseguke n'komwe, yang'anani msinkhu wake. Mafayilo akale a .doc ndi .xls, a nthawi ya Office 97 mpaka 2003, loko wake ndi wofooka ndipo katswiri amathyola. A .docx ndi .xlsx, kuyambira Office 2007, amakhomedwa ndi encryption yotchedwa AES, imene siithyoka; njira yokhayo ndi kulota pasiwedi molondola. ZIP nayonso ili pawiri: yakale ya ZipCrypto ndi yofooka, ya AES-256 ndi yolimba, monganso mafayilo a 7z.

Kulota kumeneku kompyuta ingakuchitireni. Mapulogalamu aulere monga John the Ripper ndi Hashcat amayesa mapasiwedi ambirimbiri motsatizana. Kuwasiya kuti ayese zilembo zonse mwachimbulimbuli kumatheka pa pasiwedi yaifupi yokha. Yaitali ingatenge zaka zoposa moyo wanu. Mphamvu yanu ndi yakuti munthuyo mumamudziwa. Lembani mayina a ana ndi adzukulu, mayina osereulana, timu imene ankaikonda, nambala ya galimoto, manambala a foni akale, zaka zofunika, vesi kapena mawu amene ankakonda kunena, ndiponso mapasiwedi ena onse amene mwapeza. Pulogalamuyo imatenga mndandandawu n'kumasakaniza, kuika zilembo zazikulu, kuwonjezera zaka kumapeto. Mawu 200 ochokera kwa mkazi wa malemu amaposa mawu mamiliyoni otsitsidwa pa intaneti. Pewani masamba amene amati tumizani fayilo tikutsegulireni, chifukwa mukatero mwapereka mapepala a banja kwa munthu wosamudziwa.

Kugogoda ku makampani

Zonsezi zikakanika, kapena ngati mukufuna kuyenda m'njira yosakayikitsa pa lamulo, lemberani makampaniwo. Konzekeranitu satifiketi ya imfa, chiphaso chanu, ndi kalata ya khoti yosonyeza kuti ndinu woyendetsa chuma cha masiye. Palibe kampani imene idzakupatseni pasiwedi. Imene yavomera imapereka kope ya zina mwa zimene zili mkati, ndipo zimatenga nthawi.

Apple inayambitsa Legacy Contact, njira yoti munthu asankhiretu wodzalandira za mu akaunti yake akamwalira, mu December 2021, pa iOS 15.2. Ngati malemu anakusankhani, muli ndi kiyi amene anakutumizirani kapena kusindikiza; mukamupereka pamodzi ndi satifiketi ya imfa mumapeza zithunzi, mauthenga, manotsi ndi mafayilo a mu iCloud kwa zaka zitatu, kenako akauntiyo imafufutidwa. Mapasiwedi amene Apple imasunga mu Keychain sakhala m'gulumo. Ngati sanasankhe aliyense, m'mayiko ambiri Apple imafuna chigamulo cha khoti.

Google ili ndi Inactive Account Manager kuyambira 2013. Munthu amasankha anthu osapitirira 10 oti adzalandire zinthu zake akaunti ikadzakhala chete kwa miyezi 3, 6, 12 kapena 18. Ngati malemu anachita zimenezi, imelo idzakupezani yokha, choncho musamafufute mauthenga a Google osawerenga. Ngati sanatero, pali fomu ya achibale a munthu womwalira, koma Google imaunika pempho lililonse palokha, ikhoza kufuna chigamulo cha khoti, ndipo ikhoza kukana. Microsoft nayonso siipereka za mu Outlook kapena OneDrive popanda lamulo la khoti. Onse awiri, Google ndi Microsoft, angathe kutseka akaunti imene yatha zaka ziwiri osalowamo, ndiye nkhaniyi isagone. Pa Facebook, munthu amene malemu anamusankha amatha kuyang'anira tsamba lachikumbutso, koma mauthenga a mu Messenger sawaona. Ine tsiku limene ndinkalemba fomu ya bambo ndi limenenso ndinasankha mkazi wanga pa akaunti zanga. Zinanditengera mphindi zochepa.

Pa laputopu ya bambo panali ZIP imodzi ya AES-256, dzina lake "zanga", imene inakana galu uja, inakana mayina a tonsefe, inakana mndandanda wonse umene amayi anatithandiza kulemba. Ndinaikopera pa madisiki awiri, imodzi ili kwa ine, ina kwa mng'ono wanga, ndipo pambali pake pali kafayilo ka mawu onse amene tinayesa kale, kuti amene adzakumbukire china asadzayambirenso pachiyambi. Mwezi wathawu amayi anatchula dzina la mphunzitsi wina amene bambo ankamukonda ali mwana. Ndaliwonjezera pa mndandanda, ndiyesa Loweruka.